Nyali ya m'Dzungu ndi Lipenga la Chikho

Mwezi wa Okutobala ku Nkhata Bay ndi mwezi wa dzuŵa. Udzu wa m'mapiri ozinga doko umakhala utauma, utsi wa moto wolusa umabisa mapiri a tsidya lija la nyanja, ndipo ana amayamba kugenda mango asanapse n'komwe. M'minda simupezeka dzungu. Maungu amene adakololedwa m'mwezi wa Epulo ndi Meyi adadyedwa kale, ndipo chotsala ndi nthanga zokha, zomangidwa pa kansanza n'kupachikidwa kudenga kuti zidikire mvula yoyamba.

M'mwezi womwewo, ku maiko a kumpoto kwa dziko lapansi imakhala nyengo yokolola. Masamba a mitengo amafiira nayoyoka, usiku umayamba kutalika, chisanu chili pafupi. Ku America imeneyi ndiyo nyengo ya maungu, ndipo kumeneko kuli mwambo umene ungadabwitse mlimi aliyense wa kuno ku Malaŵi.

M'mbali mwa mtsinje wa Hudson, kumpoto kwa mzinda wa New York, muli tauni yaing'ono yotchedwa Croton-on-Hudson. Pa bwalo la nyumba ina yakalekale ya m'tauniyi, ya dzina loti Van Cortlandt Manor, bungwe la Historic Hudson Valley lidayamba m'chaka cha 2005 kuyalika maungu osema kuti anthu adzaone usiku. Maunguwo amaposa 7,000. Anthu amagula matikiti, amafika dzuŵa litaloŵa atavala zovala za mphepo, nayamba kuyenda pang'onopang'ono m'kanjira kokhotakhota, ana ali papheŵa. Dzungu lililonse amakhala atalidula pamwamba, atachotsa nthanga ndi zam'kati zonse, ataboola maso, mphuno ndi kamwa la mano otalikirana, kenaka n'kuikamo nyali. Mu mdima munthu amangoona nkhope za moto: ina ikuseka, ina yakwiya, ina ikulira. Maungu ena amaŵasanja mazanamazana mpaka kupanga mlatho, kapena chinyama chachikulu cha makedzana, kapena chifanizo cha Statue of Liberty. Si onse amene ali maungu a m'munda. Ena ndi ochita kupanga, popeza dzungu losema limayamba kuwola pakangopita masiku oŵerengeka, ndipo osemawo amakhala ndi ntchito yochotsa owola n'kuikapo atsopano kufikira chionetsero chitatha.

Mayi wa ku Chikale kapena wa ku Mpamba, mwana wake atamuonetsa zithunzi za chionetsero chimenechi pa foni, sangayambe ndi kuyamikira luso. Funso lake loyamba lingakhale lakuti: “Nanga maungu onseŵa adya ndani?” Funsoli si lopusa. Kuno dzungu ndi chakudya cha nyengo yovuta. M'miyezi ya Febuluwale ndi Marichi, nkhokwe zitatha ndipo chimanga chisanakhwime, dzungu lophika ndilo limagoneka ana. Masamba ake ndiwo nkhwani, ndiwo ya tsiku ndi tsiku, yotendera ndi nsinjiro kapena yofutsa kusungira chilimwe. Maluŵa ake amaloŵa m'mphika. Nthanga zake amakazinga. Amene adaona njala ya 2002 amakumbukira mabanja amene adatha masabata akudya maungu ndi nkhwani basi, maso ali ku chimanga. Ngakhale ku Nkhata Bay, kumene nsima ya kondowole ndiyo imadalirika, anthu adaphunzira m'zaka za m'ma 1980 kuti chinangwa nacho chingathe kuŵataya, pamene tizilombo toyera tonga ufa tidawononga minda yambiri ya m'boma limeneli. Kwa anthu otere, kusema chakudya n'kuchisiya panja kuti chiwole ndi chinthu chosamveka, ndipo mwana woseŵeretsa chakudya amadzudzulidwa.

Komatu mwambo umenewu, umene lero ukuoneka ngati maseŵera a anthu okhuta, udafika ku America m'manja mwa anthu othaŵa njala.

Chiyambi chake chili ku Ireland ndi ku Scotland. Anthu akale a kumeneko adali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain, chimene chinkachitika pothera pa Okutobala ndi poyambira pa Novembala, zokolola zitaloŵa m'nyumba ndipo ziŵeto zitatsika kuchokera ku mabusa a m'mapiri. Ankakhulupirira kuti usiku umenewo mpanda wolekanitsa amoyo ndi mizimu umakhala wosalimba, motero ankasonkha moto waukulu pa zitunda. Chikhristu chitakhazikika, Mpingo udaika tsiku la Oyera Onse pa 1 Novembala ndi tsiku lopempherera akufa pa 2 Novembala, ndipo usiku wa pa 31 Okutobala udatchedwa Halloween, kutanthauza madzulo otsogolera tsiku la Oyera Onse. Akatolika a m'dayosizi ya Mzuzu amasunga masiku aŵiri ameneŵa kufikira lero, ngakhale kuti sasema kanthu.

Alimi osauka a ku Ireland sankalima maungu. Chimene anyamata awo ankasema ndi chomera chimene Azungu amati turnip, m'bale wake wa tanaposi wa m'madimba, chimene muzu wake ndi wozungulira ndiponso wolimba kotero kuti kuukumba m'kati ndi mpeni kunkatha madzulo onse. Nkhope zotuluka m'menemo zidali zoopsa ndithu. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko la Ireland, pafupi ndi tauni ya Castlebar, kuli chifanizo cha nyali yotere yochokera ku dera la Donegal: timaso tating'ono, mano osongoka, khungu lokwinyika ngati mutu wa munthu amene adafa kalekale. Anyamata ankanyamula nyali zimenezi m'misewu ya kumidzi kuopseza apaulendo, ndipo ena ankaziika pa zenera kuti mizimu yoipa ilambalale nyumba. Zolembedwa zofotokoza nyali zimenezi ndi za m'zaka za m'ma 1800. Choncho onena kuti mwambowu ndi wa zaka zikwi ziŵiri akuthamanga kusiya umboni m'mbuyo.

Padalinso nthano yake, monga momwe mwambo uliwonse umafunira nthano. Amati kudali munthu wina woumira ndi wokonda moŵa, dzina lake Jack, amene adapusitsa Satana kaŵiri. Poyamba adamunyengerera kuti asanduke ndalama yolipirira moŵa, kenaka naponya ndalamayo m'thumba momwe mudali mtanda, Satana nalephera kutuluka. Kachiŵiri adamukweza mu mtengo kuti akathyole chipatso, najambula mtanda pa tsinde. Satana, pofuna kutsika, adalonjeza kuti sadzatenga mzimu wa Jack. Tsono Jack atamwalira, kumwamba adamukana chifukwa cha ntchito zake, ndipo ku moto nako adamukana chifukwa cha lonjezo lija. Satana adangomuponyera khala limodzi, iye naliika mu turnip yoboola, nayamba kuyendayenda mu mdima, wopanda kwawo. Dzina la nyali zimenezi m'Chingerezi, jack-o'-lantern, anthu amalilumikiza ku nthano imeneyi.

Munthu wokanidwa uku ndi uku, woyenda usiku ndi kamoto kamodzi: mawu ameneŵa adadzakhala ngati mbiri ya mtundu wonse. M'chaka cha 1845 matenda adagwira mbatatesi ku Ireland. Mbewu imeneyi, imene m'misika ya kuno amaitcha airishi kufikira lero, ndiyo idali nsima ya osauka a kumeneko, ndipo mabanja ambiri adalibe china. Mbatatesi inkawola ili m'nthaka. Pakati pa 1845 ndi 1852, mwa anthu oposa mamiliyoni 8, pafupifupi miliyoni imodzi adafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa miliyoni adakwera sitima za pamadzi kuthaŵira ku maiko ena, makamaka ku America. Adafika ku Boston ndi ku New York ndi zovala za m'thupi zokha, koma miyambo yawo adali nayo. M'dziko latsopanolo adapeza dzungu: lalikulu, lofeŵa, lokhala kale ndi mphako m'kati. Ntchito imene inkatha madzulo onse tsopano inkatha m'kanthaŵi kochepa, ndipo turnip idaiŵalika.

Zotsatira zake zikhoza kunenedwa mwachidule. Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dzungu la nyali lidali litasanduka chizindikiro cha Halloween ku America. Usikuwo udatchuka ndi chipongwe cha anyamata, ozula zitseko za mipanda ndi kumasula ng'ombe za eni, kotero kuti matauni ena, monga Anoka ku Minnesota m'chaka cha 1920, adayambitsa zikondwerero zapoyera kuti ana akhale ndi chochita pamaso pa makolo. Nkhope imene idali yoopseza mizimu idasanduka yoseketsa ana, ndipo pambuyo pake idasanduka malonda ndi mpikisano. Tauni ya Keene ku New Hampshire, imene idayamba chikondwerero chake cha maungu m'chaka cha 1991, idayatsa maungu 30,581 nthaŵi imodzi pa 19 Okutobala 2013. Alimi nawo adapeza mitundu ya maungu yolimira kusema kokha, monga wotchedwa Howden, wa maonekedwe okongola ndi phesi lolimba logwirira, koma wa mnofu wamadzimadzi ndi wosakoma. Apa funso la mayi wa ku Chikale layankhidwa mbali imodzi: maungu ameneŵa pa msika wa Nkhata Bay, pamene wogula amafuna dzungu la ufa ndi lotsekemera, akadatsala pa thebulo mpaka madzulo. Komabe nthaka, madzi ndi thukuta zimene zidaŵakuza zikadatha kukuza chakudya.

Amishoni amene adakhazikika ku Bandawe m'chaka cha 1881, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, adali ochokera ku Scotland, dziko la nyali za turnip. Adabwera ndi Baibulo, sukulu, mankhwala ndi ntchito zamanja, koma mwambo wa nyali zoopseza mizimu sudamere m'gombe limeneli, ndipo mpingo wa Chipresibiteriya sukadauthirira. Omvera a ku Dedza kapena ku Kasungu, akamva za nkhope zosema ndi mizimu ya akufa, aganiza za gule wamkulu. Koma umenewo ndi mwambo wa Acheŵa, wa chinsinsi chake ndi malamulo ake, ndipo Atonga a ku Nkhata Bay alibe dambwe. Wofuna m'bale weniweni wa dzungu losema m'boma limeneli ayenera kuyang'ana kwina.

Ayambe ndi mbewu yomweyo. Dzungu ndi mlendo mu Africa. Nthanga zakale kwambiri za maungu olimidwa zidapezeka m'phanga la Guilá Naquitz, ku Oaxaca m'dziko la Mexico, ndipo zili ndi zaka pafupifupi 10,000. Maungu adaoloka nyanja pambuyo pa chaka cha 1492, m'njira yomwe idabweretsa chimanga, chinangwa, mtedza ndi fodya, naloŵa m'kati mwa dziko kuchokera ku magombe kumene Apwitikizi ankachita malonda. Mwini mudzi ndi msuweni wake wa dzungu, chomera chobala zikho ndi zipanda. Chimenechi kwawo ndi kuno ku Africa, ndipo akatswiri ena adaonetsa m'chaka cha 2014 kuti zikho za ku America zidachokera ku zipatso zimene zidayandama pa nyanja ya Atlantic kuchokera ku Africa kalekale. Chikho chikakhwima sichidyedwa. Chimauma, chimalimba ngati thabwa, ndipo kusanabwere zitini ndi mapulasitiki ndicho chidali chomwera madzi, chotungira, chosungira moŵa ndi mafuta, nsupa ya sing'anga, ndi chokuzira mawu pansi pa ulimba ndi kalimba. Kusema chikho sikulanda mwana chakudya.

Chikho chimenechi ndicho amuna a ku Nkhata Bay adasema, ndipo m'malo mwa nyali adaikamo mawu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idafika pa nyanja ino msanga kuposa m'mene ambiri amaganizira. Pa 13 Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen idawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli, tsidya lija la nyanja. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho mfuti zidalira ku Karonga. Kuyambira pamenepo kufikira Novembala 1918, dziko la Nyasaland, limene anthu ake ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi, lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Akuluakulu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ya chiwaya. Amtengatenga ndiwo adaona zoŵaŵa koposa: osenza katundu pamutu m'matope ndi m'mapiri, opanda nsapato, ovala nsanza, ofa ndi kamwazi, chibayo ndi njala m'njira zimene mayina ake sankaŵadziŵa. Ambiri adagwidwa mokakamiza m'midzi mwawo.

M'misasa ya King's African Rifles amuna ameneŵa adaona magulu oimba malipenga a mkuwa ndi ng'oma, asilikali akuguba m'mizere. Adakumananso ndi gule wa Beni, amene adayambira m'matauni a Chiswahili a ku gombe la nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890. Dzina lakelo lidachokera ku liwu la Chingerezi la band. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger adalondola ulendo wa gule ameneyu m'buku lake la 1975 lotchedwa Dance and Society in Eastern Africa. Pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba guleyu adasunga dzina la Beni. M'gombe la kumpoto ndi pakati, ndiponso pa chilumba cha Likoma, mudamera abale ake, mganda ndi malipenga, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1920 adali atafala m'midzi ya Atonga.

Lipenga la mkuwa lidali la boma, ndipo mtengo wake munthu wa kumudzi sakadaukwanitsa. Amunawo adapita ku munda. Chikho cha khosi lalitali amachisiya kuti chikhwime ndi kuuma. Kenaka amachidula kumutu kuti pakhale kamwa lotulukira mawu, amachotsa nthanga ndi zotsalira zonse, naboola kabowo pambali, pafupi ndi kumapeto kwa khosi. Kumapetoko amamatako kachikopa koyera kopyapyala kamene kangaude amakuta nako mazira ake pa khoma la nyumba. Lipenga lotere saliuzira monga amachitira ndi la mkuwa: woimba amaika mlomo pa kabowo kaja naimbiramo nyimbo, ndipo kachikopa kaja kamanjenjemera, kusandutsa mawu a munthu kukhala kulira kokhuthala konga kwa chitsulo. Zikho zazikulu zimatulutsa mawu a pansi, zazing'ono mawu a pamwamba, ndipo amuna makumi aŵiri kapena atatu akaimbira pamodzi, ng'oma yaikulu ikugunda pakati, munthu wa kutali angalumbire kuti kwabwera bandi ya asilikali.

Gulu lililonse la malipenga limatchedwa boma, ndipo dzina limeneli lokha likunena zambiri. Boma lili ndi mfumu yake, imene amaitcha Kingi, lili ndi akapitawo ndi maofisala ake, lili ndi dokotala wake. Ovina amavala malaya oyera, makabudula oyera osita bwino, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zopukuta, ena tayi ndi chipeŵa cha nthenga, ndodo kapena kansalu kali m'manja. Savina mothamanga. Mwendo umanyamuka mwaulemu, thupi limapendekera pang'ono, mzere wonse umatembenuka ngati munthu mmodzi, ndipo wovina wabwino amadziŵika ndi kudekha kwake. M'chilimwe, ntchito za kumunda zitachepa, boma limodzi limaitana maboma a midzi ina. Alendo amayenda mtunda wautali, eni mudzi amaŵaphikira ndi kuŵapatsa pogona, ndipo anthu amaweruza okha kuti ndani waposa mnzake pa kavinidwe, pa nyimbo ndi pa ukhondo. Amayi nawo ali ndi magule awo, chilimika cha pa Chaka Chatsopano ndi chioda, koma mphika wodyetsa maboma a malipenga umakhala pa mafuwa awo.

Azungu ena a nthaŵi ya atsamunda adaona malipenga ngati maseŵera a ana otsanzira akuluakulu, ndipo amishoni ena sadakondwe nawo, poti ankachotsa anyamata ku sukulu ndi ku mapemphero. Ophunzira ena a pambuyo pake adati ayi, kumeneku kudali kunyoza atsamunda mochenjera. Mbali zonse ziŵiri zidayang'ana kwa Mzungu, ngati kuti gule ameneyu adavinidwira iye. Zikuoneka kuti nkhani idali pakati pa amunawo ndi midzi yawo. Pa nkhondo ija munthu wakuda sankaloledwa kukhala ofisala. Ngakhale wolimba mtima chotani ankathera pa usajeni. Pa bwalo la malipenga mwana wa msodzi ankakhala Kingi. Amuna amene adayenda opanda nsapato atavala nsanza adabwerera nasankha kuvala zoyera zopanda banga. Amene adaona anzawo akufa opanda wowasamala adaika dokotala m'boma lawo. Mawu ofotokozera zimene adaona ku nkhondo adali ovuta kupeza, koma adatha kuonetsa pamaso pa amayi awo ndi akazi awo kuti dongosolo limene lidaŵasenzetsa katundu adalidziŵa m'kati ndi kunja, ndi kuti akadatha kuliyendetsa okha, mokongola kuposa eni ake.

Zovala zoyerazo zidafuna ndalama, ndipo ndalamazo zidachokera ku ulendo. Atonga, amene adalandira sukulu msanga ku Bandawe, adali m'gulu la oyamba kupita kukagwira ntchito ku Halale, ku migodi ya ku Joni ndi kwina kotero. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe lalikulu la antchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919, adali mwana wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe. Jaap van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti nthaŵi iliyonse oposa theka la amuna adali kunja kwa dziko. Wobwerera kuchokera ku ulendo ankaonetsa pa bwalo la malipenga kuti sadapite pachabe, ndipo ankaonetsanso kuti sadatchone. Apa ndi pamene lipenga la chikho ndi nyali ya m'dzungu zikukumana: zonse ziŵiri zidatuluka m'manja mwa anthu amene mavuto adaŵachotsa kwawo, natenga chimene chidamera m'munda wa pafupi ndi mpeni wa m'thumba kuti asunge chimene sadafune kuiŵala. Kusiyana kwake n'kwakuti dzungu limawola sabata isanathe, pamene chikho chopachikidwa kudenga, pa utsi, chimatha kudikira zilimwe zambiri.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, malipenga adatuluka m'midzi nakavinidwa pa misonkhano ya ndale ndi pa zikondwerero za dziko, ndipo ena amati pamenepo adataya kanthu kena ka ufulu wawo, poti nyimbo zidayamba kutamanda olamula. Chimene chasintha mwakachetechete ndi chikho chenichenicho. Makapu ndi zigubu za pulasitiki zitaloŵa m'makomo, mabanja ambiri adaleka kubzala zikho, ndipo m'malo mwa kachikopa ka kangaude ambiri amamata kapepala ka pulasitiki. Mnyamata wofuna kusema lipenga lero ayenera kuyamba wafunsa kuti ndi agogo ati amene adasunga mbewu.

Malipenga ndi gule wa masana makamaka, chifukwa zovala zoyera zimafuna dzuŵa. Nanga mlendo wofuna kuona nyali usiku ku Nkhata Bay apite kuti? Iyeyo sasoŵa tikiti. Akwere pa chitunda chilichonse choyang'ana ku nyanja, kapena aime pafupi ndi doko pamene sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda m'chaka cha 1951, imakocheza, usiku wopanda mwezi, mphepo ya mwera italeka. Mdima ukagwira, kutali pa madzi pamayamba kuoneka kanyali kamodzi, kenaka tiŵiri, kenaka mzere wautali wonga mzinda umene masana kudalibe. Alendo ambiri amafunsa ngati amenewo ndi magetsi a ku Tanzania kapena a ku Mozambique. Amenewo ndi asodzi a usipa.

Usodzi umenewu amautcha kauni. Munthu mmodzi, wotchedwa siginala, amapalasa bwato lokhala ndi nyali nakaima pamalo pamene akudziŵa kuti pali nsomba. Usipa umakopeka ndi kuŵala, nusonkhana pansi pa bwatolo. Siginala amadikira, nthaŵi zina maola angapo, akuyang'ana m'madzi, ndipo akaona kuti wachuluka amaitana anzake. Maboti aŵiri amaponya khoka lotchedwa chilimira mozungulira, siginala nayendetsa nyali zake pang'onopang'ono kuloŵetsa nsomba m'khokamo, kenaka amuna onse amakoka. Siginala akaitana msanga, khoka limatuluka lopepuka. Akachedwa, nsomba zimabalalika. Motero malipiro a gulu lonse amadalira maso a munthu mmodzi. Asodzi a Chitonga adatchuka ndi chilimira, ndipo ambiri adasamuka nacho mpaka ku magombe a Salima ndi Mangochi.

Nyalizo nazo zili ndi mbiri. Makolo ankagwiritsa ntchito miuni ya udzu ndi mabango. Pambuyo pake padabwera nyali za parafini zopopa, zimene zinkalira usiku wonse ndi kudya gawo lalikulu la phindu la msodzi. M'zaka zaposachedwa ambiri atengera nyali za mabatire ndi zotchaja ndi dzuŵa, zimene kuŵala kwake ndi koyera mbee, kosiyana ndi kufiirira kwa parafini kumene akuluakulu amakumbukira. Anthu okopa alendo amakonda kunena kuti David Livingstone, amene adayenda m'gombe limeneli pa boti m'chaka cha 1861, ndiye adatcha nyanjayi Nyanja ya Nyenyezi ataona miuni ya asodzi, ndipo chikondwerero cha zoimbaimba cha Lake of Stars, chimene chidayambira ku Chintheche m'chaka cha 2004, chidatenga dzina lake pamenepo. Kwa mkazi woyang'ana kuchokera pakhonde, nyali zimenezo si nyenyezi. Iye amadziŵa mbali imene bwato la mwamuna wake lapita, ndipo mphepo ikasintha pakati pa usiku sagona.

Kum'maŵa kukayamba kufiira nyali zimazima imodziimodzi, ndipo pa mchenga pamakhala patadzaza kale amayi ndi mabeseni, ogula ochokera ku Mzuzu, ndi ana otola tinsomba togwa pansi. Usipa wina umafutsidwa, wina umayanikidwa pa thandala, wina umapita m'mphika m'maŵa womwewo. Mlendo wofuna kuona zimenezi ayambe wafunsa za mwezi. Ukakhala wathunthu, usipa susamala nyali ya munthu, mabwato amakhala pa mtunda, ndipo asodzi amakhala pansi pa mitengo akusoka makoka.